Chifukwa chake mbozi za pa burokoli wanga sizinkafa nditapopera

Chaka chatha ndinawokera mbande 30 za burokoli kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bedi la repu la mayi anga. Ndalama ya mbewu ndinachita kubwereka kwa iwo, ndiye ndinkayenera kukolola ndithu. Pofika Seputembala masamba anali atadzaza timawindo: tsamba ladyedwa kunsi, pamwamba patsala kakhungu koonekera ngati pulasitiki. Nditatembenuza tsamba limodzi ndinapeza kambozi kobiriwira, kotalika pafupifupi sentimita imodzi. Kungokakhudza, kanaphiriphitha chobwerera m'mbuyo n'kudzigwetsa, koma osafika pansi. Kanangolendewera pa kaulusi kake.

Kamboziko ndi mwana wa kagulugufe kotuwa kotchedwa diamondback moth, dzina la sayansi Plutella xylostella. Kamadya mbewu za banja limodzi: burokoli, kabichi, repu, chayinizi ndi mpiru.

Mukudziwa kuwawa kwa mpiru kuja? Ndi chida chodzitetezera. Masamba a banja limeneli ali ndi makemikolo otchedwa glucosinolates. Tsamba likatafunidwa, makemikolowa amakumana ndi enzyme ina ya m'tsamba momwemo n'kusanduka poizoni wa tizilombo tambiri. Koma kambozi kathuka kali ndi enzyme yakeyake m'matumbo imene imasintha makemikolowo asanasanduke poizoni. Choseketsa n'chakuti kagulugufe kakakazi kamatsata fungo lomwelo pofunafuna poikira mazira. Chida cha mbewu chinasanduka belu loitanira mdani.

Ine ndinathamangira kukagula mankhwala. Ulendo woyamba nditapopera, mbozi zambiri zinafa. Wachiwiri zinafa zochepa. Wachitatu, ndi mankhwala omwewo, zinkangodya ngati ndazithira madzi.

Apa ndi pamene pali natural selection imene mumaphunzira mu Bayoloje. Pa mbozi zambirimbiri, zingapo zimabadwa ndi majini oziteteza ku mankhwala ena. Mukapopera, zinzake zimafa, izozo zimatsala n'kuswana. Kagulugufe kamodzi kamaikira mazira oposa 100, ndipo kukatentha ulendo wochoka pa dzira, mbozi, chikwa mpaka kagulugufe umatenga masabata awiri kapena atatu basi. Alimi a kabichi m'dera lonse akamapopera mankhwala amodzimodzi zaka ndi zaka, timagulugufe tofika m'dimba mwanu timabwera kale ndi majini amenewo. Nkhaniyi si yatsopano: mu 1953 ku Java, m'dziko la Indonesia, kachilomboka kanapezeka kuti sikakufanso ndi DDT.

Panalinso china. Kuli timavu ting'onoting'ono timene timaikira dzira m'thupi mwa mbozi, ndipo mwana wake amadya mboziyo kuchokera m'kati. Mankhwala anga ankapha timavuti mosavuta kuposa mbozi. Ndinkapha alonda, akuba n'kumatsala.

Ndiye ndinasintha. Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa ndinkatembenuza tsamba lililonse, n'kufinya mbozi, zikwa ndi timazira tachikasu. Madzi ndinayamba kuthirira pamwamba pa masamba dzuwa likamalowa, chifukwa timagulugufeti timauluka ndi kuikira mazira kukamada, ndipo madontho amagwetsa timbozi tating'ono. N'chifukwa chake vutoli limakula m'chilimwe, mvula ikagwa limachepa. Sabata iliyonse ndinkapopera madzi a njere za nimu zosinja, kulunjika kunsi kwa masamba. Nimu ali ndi azadirachtin, kemikolo imene imachititsa mbozi kusiya kudya ndi kulephera kufundula. Sapha pompopompo, ndiye pamafunika kudekha. Zitsa zakale za repu, zomwe zinkasunga tizilombo, ndinazizula mayi atandilola.

Ndinakolola mitu 19. Ina ija mbozi zinali zitadya kale nsonga yokulira. Ngongole ndinabweza. Mitu yodya pakhomo tinkayamba taiviika m'madzi a mchere kuti mbozi zobisala zituluke.

Yesani izi kumapeto kwa sabata. Pezani mbozi zisanu pa repu kapena kabichi, muziike m'botolo ndi tsamba, mutseke pakamwa ndi kansalu. Muzisintha tsamba tsiku lililonse n'kumalemba tsiku limene iliyonse yapanga chikwa ndi limene yatuluka. Mwa zisanuzo, pena mudzaona kuti chotuluka ndi kamavu osati kagulugufe. Mukakaona, kakatulutsireni m'dimba momwemo.