Makina a Mayi Telala Anatuluka M'matope

Ndikanakonda mukanaiona kawiri nyumba imeneyi: tsiku limene tinafika ndi tsiku limene tinatsanzikana ndi mwini wake. Mukanalumbira kuti ndi nyumba ziwiri. Ine amene ndinagwira nawo fosholo, mpaka lero ndikaikumbukira ndimangopezeka ndikumwetulira ndekha.

Munali mu 2023, Freddy atangodutsa. Namondwe ameneyu anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya India, ndipo anatha masiku 36 asanaferetu. Pa 11 Marichi anatera kachiwiri ku Mozambique, cha ku Quelimane, mvula yake n'kudzakhuthukira pa ife akummwera usana ndi usiku. Ku Blantyre phiri la Soche linagumukira pa anthu a ku Chilobwe. Ku Chiradzulu, Phalombe ndi Mulanje kunali kulira kokhakokha. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pogona. Maliro tinakhuza mpaka mawu kusasa. Koma madzi akagwa kumapiri sakhala kumapiri. Anatsikira kuchigwa cha Shire, kumene anthu anali asanapume n'komwe kuchokera pa namondwe wa Ana, uja anawononga Kapichira mu Januwale 2022.

Lamulungu lina, pa nthawi ya zolengeza, mlembi wa mpingo wathu ananena mawu amene anatidzutsa. Anati ufa tasonkha, zovala tasonkha, zikomo kwambiri. Koma abale athu ku Chikwawa akuti madzi aphwa, akufuna kuchoka pakampu kubwerera kwawo, ndipo chimene akupempha tsopano ndi manja. Manja tinali nawo. Tinakwera lole ya mkulu wa mpingo wina: amayi a Mvano ndi mapoto awo, ife akwaya ndi mafosholo, makasu, ndowa, matsache ndi mawilibala obwereka. Panalinso bambo ena ofatsa, okonza njinga pamsika, amene ananyamula kathumba ka zitsulo zawo popanda wowauza. Bambo amenewa muwasunge mumtima.

Msewu wa ku Chikwawa ukamatsika phiri, pamakona paja, chigwa chonse chimaonekera m'munsi. Mwezi ngati umenewo chimayenera kukhala chobiriwira ndi chimanga ndi mapira. Ife tinaona mbuu, mchenga ndi matope mpaka kumene maso amalekezera. Titawoloka mlatho wa Kamuzu kutentha kunatilandira, abusa akumeneko natigawa m'magulu. Gulu lathu linapatsidwa nyumba ya mayi ena amasiye, telala wa m'mudzimo, amene zaka zonse ankasokera pakhonde.

Nyumbayo inaima chifukwa inali ya njerwa zowotcha. Za anansi awo, zomangidwa ndi zidina, zinasungunuka n'kutsala milu, malata atagona pamwamba. Koma kuima kwakeko kunali kwa kunja kokha. Pakhoma panali mzere wakuda wofika pachifuwa cha munthu wamkulu, posonyeza pamene madzi analekeza. Chitseko chinakana kutseguka chifukwa matope anachigwira chamkati, moti tinachita kuchizula. Titachichotsa linatimenya fungo, aliyense n'kubwerera m'mbuyo chitenje kapena malaya ali pamphuno. Matope m'maondo. Matiresi anamwa madzi mpaka anyamata awiri kulephera kuidzutsa. Thumba la chimanga linaola pansi, pamwamba litamera timizu toyera chifukwa cha mdima. Tebulo linangotulutsa miyendo. Achule anali atakhazikika ndithu, akutiyang'ana ngati alendo ndife.

Mayiwo anasuzumira kamodzi kokha.

"Ana anga, bwezerani chitsekocho. Muno mulibenso nyumba."

Amayi otsogolera Mvano anawagwira dzanja. "Mayi, inu khalani pamthunzi wa nimu apo. Muzingotiuza chimene chinali pati."

Atakhala pansi m'pamene ananena chimene chinkawasowetsa tulo pakampu. Sanatchule matiresi, sanatchule mbale. Anatchula makina awo osokera, ndi nsalu za eni ake zimene zinali m'chikatoni usiku umene anathawa: zitenje za chinkhoswe, nsalu za yunifolomu ya ana asukulu, diresi ya mayi wina woyembekezera. "Zanga zipite. Koma eni ake nsalu ndidzawauza chiyani?"

Tinayamba.

Matope a chigumula ali ngati mkute: pamwamba gwa, mkati mofewa. Ukawaponda umatitimira, ukati uwatape fosholo imakanirira, ndiye umafunika kuswa kaye pamwambapo ndi khasu. Tinatsegula mawindo onse, tinayambira pakhomo kulowera mkati, ndipo tinaima mzere wopatsirana ndowa kuchokera kuchipinda mpaka panja pamene panali wilibala. Mnyamata wa m'mudzimo anatichenjeza kuti tisapise dzanja pamene maso sanaone, chifukwa njoka ndi zinkhanira nazonso zinathawira m'nyumba, ndipo m'matopemo muli misomali ndi magalasi osweka. Matope onse tinkakathira m'chigwembe chimene madzi anakumba panjira ya kumjigo. Nyumba ikupepuka, njira ikubwerera.

Akwaya sagwira ntchito chete. Wina anayambitsa nyimbo, besi inayankha kuchokera kuchipinda, alto ili pamzere wa ndowa, ndowazo n'kumayenda motsatira nyimbo. Ana a m'mudzi anabwera kudzaonerera, posakhalitsa anali atalowa pamzere ndi timabigiri todula.

Kenaka fosholo ya mtsikana wina inalira mosiyana. Kwee! Anapalanso. Kwee! Anagwada, anapukuta ndi chikhatho, n'kukuwa:

"Simenti! Amayi, simenti! Ndi yofiira!"

Tonse tinasiya ndowa n'kuunjikana. Pakati pa matope akudawo panali kachigamba kofiira psuu, kosaposa mbale ya ndiwo. Kunja kunamveka nthungululu. Mayi telala anadzuka pamthunzi paja, analowa osavula n'komwe masilipasi, anaima n'kukayang'ana kachigambako nthawi yaitali. Anati malemu amuna awo ndiwo anaika simenti yofiirayo, ndipo Loweruka lililonse ankaipaka polishi. Kuyambira pamenepo palibe amene anafunanso kupuma. Aliyense ankafuna kukulitsa pofiirapo. Pofika madzulo panali pokwana mphasa, m'mawa mwake chipinda chochezera chonse.

Makina tinawapeza pansi pa windo, atagona chammbali, gudumu lokha likuonekera. Tinawafukula ndi manja kuopa kuwavulaza ndi khasu, tinawanyamula anthu angapo n'kukawaika pakhonde. Anali chibuma cha dothi. Chopondera sichinkagwedezeka, singano inathyoka, thabwa lake linafufuma n'kusendeka. Mayiwo anatembenuza nkhope.

Apa m'pamene bambo okonza njinga aja anatsegula kathumba kawo. Sanalonjeze kanthu. Anayala thumba lopanda kanthu pansi, anatsuka makinawo ndi madzi, anawaumitsa padzuwa, n'kuyamba kumasula. Kachitsulo kalikonse ankakaika pathumbapo motsatana ndi mmene kachokera, ndipo mwana aliyense woyandikira ankamuyang'ana diso limodzi, mwanayo n'kubwerera yekha. Anatuma parafini. Ndi mswachi wakale anachotsa mchenga m'mano mwa zitsulo, pomwe panayamba dzimbiri anapala ndi sandipepa, pa bobini anakhalapo nthawi yaitali kuposa pena paliponse. Ankati mdani wa makina si madzi ayi, ndi mchenga wotsalira. Ukawapondera uli momwemo umadya zitsulo pang'onopang'ono. Lamba anali ataola, iwo anapota wina ndi chingwe cholimba cha m'tayala lakale. Mnyamata wathu amene amaphunzira ukalipentala anadula thabwa latsopano. Ine ndinkadutsa ndi wilibala ndikuba maso, ndipo ulendo uliwonse chibuma chija chinkasanduka: kwatuluka utoto wakuda, kwatuluka maluwa agolide a pakhosi pa makina, gudumu layamba kuwala.

Ntchito ina inali yosaoneka bwino pachithunzi, koma kwa ine ndi imene inapangitsa kuti mayiwo abwereredi kwawo. Nthawi imeneyo kolera inali isanathe. Inayamba mu Marichi 2022 ndipo inali itapha kale anthu oposa 1,500 m'dziko muno. Chigumula chikadutsa chimanyamula zimbudzi zonse n'kuzisakaniza ndi zitsime. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anatipatsa klorini, natiuza kuti chitsime cha kuseri kwa nyumba tichiiwale kaye, madzi onse achokere kumjigo ndipo akumwa athiridwe mankhwala. Pansi ndi makoma tinakwecha ndi madzi a klorini, mbale ndi mapoto chimodzimodzi. Chimanga chowola chija tinakwirira, ngakhale agogo ena ankachiyang'ana mwachisoni kuti mwina nkhuku zikanadya. Akuluampingo anavula majekete n'kukumba chimbudzi chatsopano pamalo okwererapo, pambali pake tinaimika mpondagiya ndi sopo womangirira pachingwe. Nyumba yowala yopanda chimbudzi sibwezera munthu kwawo, imamubwezera kuchipatala.

Nanga nsalu za eni ake? Zimenezo anazitenga amayi a Mvano. Katoni inali itasungunuka, nsalu zitamatana kukhala mtanda umodzi. Anazinyika, anazilekanitsa imodziimodzi, anachapa, anatsukuluza, anachapanso. Ziwiri zoyera zinakana, zinatsala ndi mawanga. Zina zonse zinabwerera. Anamanga zingwe kuchokera panimu mpaka pakhonde, ndipo bwalo limene tinalipeza lotuwa linadzaza ndi zobiriwira, zachikasu, zamaluwa, zikuuluzika ndi mphepo yotentha ya kuchigwa. Mbiri inathamanga m'mudzi. Mayi woyembekezera uja anafika akupuma mwamphamvu, anaizindikira nsalu yake ali patali, anaikumbatira ili yonyowa. Mayi telala anaseka koyamba, kuseka kwenikweni kogwira m'chiuno. Pamkeka pambali pake panayanikidwa buku lawo la kuchipatala ndi kope la miyezo ya makasitomala, masamba atatsegulidwa limodzilimodzi ndi mpeni.

Makoma sapakidwa ali onyowa, laimu amasuwa. Choncho tinabwerera ku Blantyre, n'kudzatsikanso Loweruka lina atauma. Achinyamata ena anaganiza zoti tisiye kachidutswa ka mzere wakuda uja kuti kakhale chikumbutso. Mayiwo anakana kwamtuwagalu.

"Chikumbutso ndili nacho m'mutu muno. Mzere umenewo ndisauonenso."

Tinapaka. Utauma, mzerewo unasuzumiranso pansi pa laimu. Tinapakanso, mowirikiza, mpaka unagonja.

Tsopano imani pamene tinaima tsiku loyamba. Chitseko chabwerera pamalo pake ndipo chikutseguka ndi chala chimodzi. Fungo ndi la sopo ndi polishi. Makoma ali mbee, pansi pali psuu, waliwali, moti atsikana akwaya akuvula nsapato pakhomo popanda wowauza. Pawindo pali katani yosokedwa kuchokera ku nsalu zamawanga zija, zimene eni ake anati zitsale. Kuchipinda kuli mphasa yatsopano ndi neti yomangidwa bwino, chifukwa madzi odikha m'maenje anachulukitsa udzudzu. Pansi pa denga kalipentala wathu wakhoma shelefu yolimba. Mayiwo amadziwa kumene akukhala. Amawerenga okha zaka za madzi, 2015, 2019, 2022, 2023. Anati mvula ikadzayambanso mwachilendo, mutu wa makina ndi nsalu za eni ake zidzakwera pamwambapo iwo asanathawe.

Makina tinawabweza pakhonde, pakona yawo yakale. Bambo okonza njinga anadontheza mafuta komaliza, anapukuta manja, n'kuima pambali.

"Mayi, tayesani."

Anakhala pampando. Analowetsa ulusi pasingano yatsopano osaphonya, ngakhale manja ankanjenjemera. Anayang'ana uku ndi uku kufuna choti asoke, maso awo n'kugwera pa mnyamata woimba besi, amene buluku lake linang'ambika pabondo tsiku la ndowa ndipo anabwera nalo chomwecho.

"Iwe mwana wanga, tenga chitenje ichi ukavule kuseriko."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Mnyamatayo anatuluka atamanga chitenje, buluku lili m'manja, akuvina. Mayiwo anakankha gudumu ndi chikhatho, phazi linalandira, ndipo makina analira. Tetetetete! Osakakamira, osadumpha, mzere wa ulusi wowongoka see. Nthungululu zinamveka mpaka kumjigo. Amayi a Mvano anavina atazungulira khonde, akuluampingo akuomba m'manja, ana akulumpha, bambo ofatsa aja akupukuta m'maso ndi dzanja lamafuta n'kudzidetsa nkhope yonse. Buluku lisanathe n'komwe, amayi awiri anali ataima kale pambali ndi nsalu m'khwapa, akufunsa ngati yunifolomu zingatheke sukulu zisanatsegulidwe.

Tinadya nsima ya nyemba pansi pa nimu, alendo ndi eni mudzi mbale imodzi. Tikukweza mafosholo m'lole, mayi telala anaimitsa makina n'kutiitana. Analoza mulu wa dothi pamene panali nyumba ya agogo oyandikana nawo, amene anali adakali pakampu.

"Agogowa afunika njerwa, ndipo ulendo uno tiwotcha. Chikombole ndabwereka kale, anyamata am'mudzi muno ndawauza. Inu mudzangobwera ndi makasu. Thobwa ndi langa."

Mlembi wa mpingo anatulutsa cholembera n'kufunsa amene adzabwere Loweruka lotsatira. Manja anakwera ambiri kuposa malo a m'lole, moti anayamba kuimbira foni mkulu wa mpingo wina amene ali ndi pikapu.