Nkhosa m'munda wa tirigu nyengo yachisanu

Kum'mawa kwa England, m'madera monga Norfolk ndi Lincolnshire, balere woyamba amakololedwa mu Julaye. Makina akangotuluka m'munda, alimi ena amafesa paziputu pomwepo mbewu yotchedwa stubble turnip, yapachibale ndi mpiru, imene imatupa kutsinde ngati anyezi wamkulu. Pakatha milungu pafupifupi 12 imakhala yakhwima, ndipo kuyambira mu Novembala mpaka mu Febuluwale, msipu utasiya kumera chifukwa cha kuzizira, nkhosa zimalowetsedwa m'mundamo. Zambiri zimakhala ana a nkhosa obadwira kumapiri a ku Wales, Scotland ndi kumpoto kwa England, amene sananenepe mokwanira kuti agulitsidwe. Zimayamba ndi masamba, kenako n'kumakukuta tsinde lija mpaka kungosiya chigoba pansi. Ulimi umenewu ndi wanzeru, ndipo amene anausiya akuyenera kuuganiziranso.

Si nzeru yadzana. Charles Townshend wa ku Raynham, amene anamwalira mu 1738, anatchuka chifukwa cholimbikitsa kasinthasintha wa zaka zinayi: tirigu, turnip, balere, kenako msipu wotchedwa clover. Turnip inkadyetsa ziweto m'miyezi yanjala, ziwetozo n'kumathira manyowa m'munda womwewo, mpaka alimi anayamba kunena kuti nkhosa ili ndi ziboda zagolide. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, feteleza wotsika mtengo ndi mathirakitala zinalekanitsa mbewu ndi ziweto, mipanda inazulidwa, abusa anasowa ntchito. Zotsatira zake zikuoneka tsopano. Nthaka yaguga, ndipo udzu wotchedwa blackgrass wafika posamva mankhwala ambiri. Kutentha ziputu kunaletsedwa mu 1993, feteleza naye anakwera mtengo koopsa mu 2022. Munda wodzalidwa turnip umafesedwa mbewu ina chisanu chikatha, ndipo mpata umenewu umapatsa mlimi danga lothana ndi udzu uja usanabale njere. Mwini nkhosa amapezanso lake phindu: munda wolimidwa chaka ndi chaka umakhala ndi mazira ochepa a njoka zam'mimba kusiyana ndi busa lodyetsedwa kosalekeza.

Otsutsa amati nkhosa sibweretsa chonde chatsopano, imangobweza chimene yadya pomwepo. N'zoona, koma funso n'lakuti chondecho chikanapita kuti. Munda wosiyidwa pambalambanda umataya nayitirojeni wotsala, mvula yachisanu imamutsitsira m'mitsinje. Turnip imamugwira, nkhosa n'kumubwezera ngati ndowe ndi mkodzo, mlimi osasenza ngakhale ngolo imodzi ya manyowa.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kwambiri, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Padothi lamakande, mvula ikalimbikira, ziboda zimasandutsa munda chithaphwi. Nthaka imagogomezeka, yapamtsetse n'kukokoloka. Nkhosa zimadwala chiola cha ziboda, ubweya wakumimba umakwinjika matope, ndipo kophera nyama salandira chiweto chauve. Zikalowetsedwa paziputu pomwe pagwa tirigu wambiri, zimatha kudya mopyola muyeso, m'mimba n'kusasa mpaka kufa. Nkhosa zokalamba zoguluka mano zimalephera kukukuta tsinde, zimaonda chakudya chili pakamwa. Komabe zonsezi zikuloza posankha malo ndi kasamalidwe. Odziwa ntchitoyi amasankha nthaka yamchenga kapena yachoko, yosasunga madzi. Amagawa munda ndi waya wamagetsi n'kumausuntha pakapita masiku ochepa, kuti ziweto zimalize gawo limodzi zisanapondereze lina. Amazizoloweretsa pang'onopang'ono, amaziikira udzu wouma ndi mchere wa ziweto, amazisiyiranso malo ouma ogona.

Kwathu kuno timadziwa mbali ina ya nkhaniyi, poti tikakolola chimanga mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa kuti zidye mapesi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku England ziweto sizilowa mwachisawawa. Mwini munda, amene nthawi zambiri alibe nkhosa ngakhale imodzi, amagwirizana ndi mbusa: wina amadzala, wina amabweretsa waya ndi ziweto, ndipo malipiro amawerengedwa pa nkhosa iliyonse pa mlungu. Amapangananso tsiku lotulutsa ziweto, kuti balere wa mu Malichi afesedwe nthaka isanaonongeke.