Ukajambula katundu pawindo, bwanji umadzijambula wekha?

Mchemwali wanga wa ku Johannesburg adandituma kuti ndikamujambulire diresi la ukwati lomwe adamva kuti lili pawindo la sitolo ina m'tauni ya Balaka. Ndidapita dzuwa lili paliwombo, n'kujambula katatu ndi foni, n'kutumiza pa WhatsApp. Yankho silidachedwe: akuona ine, wakabaza ndi minibasi ya ku Liwonde, koma diresi ayi. Ndalama sadatumize, ndipo pomwe ndimabwererako diresi lidali litagulidwa.

Ambiri zikatere amanyoza foni, kuti ndi yotchipa. Mlandu ndi wa kuwala.

Galasi la pawindo limabweza pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse a kuwala kolifikira, ndipo ukaliyang'ana chammbali limabweza koposa apo. Zikumveka zochepa, koma taganizirani dzuwa la mu Okutobala ku Balaka kapena ku Liwonde, pomwe m'sitolo muli babu limodzi, mwinanso magetsi azima. Kagawo kakang'ono ka kuwala kwa panjako kamaposa kuwala konse kochokera m'kati, basi galasi lasanduka kalilole. N'chifukwa chake madzulo, magetsi akayatsidwa m'sitolo kunja kukuchita mdima, windo lomwelo limaonetsa chilichonse bwinobwino.

Ngati simungadikire madzulo, bwerani nthawi yomwe dzuwa lili kumbuyo kwanu n'kumaomba pa katunduyo, pakuti nyumba za tsidya la msewu zimakhala zili mumthunzi. Malaya oyera asiyeni kunyumba. Amaonekera pagalasi kuposa china chilichonse.

Njira yomwe ndimaidalira kwambiri ndi yaulere. Pukutani fumbi pagalasi, gunditsani diso la kamera pagalasipo, kenaka wina akufunditseni chitenje chakuda kapena jekete, kuti kuwala kusalowe m'mbali. Anthu akusekani, koma chithunzi chituluka. Fulashi zimitsani, chifukwa imangobwerera n'kusiya chibanga choyera pakati. Pomaliza gwirani pa sikirini pomwe pali katunduyo kuti foni iloze pamenepo, osati pa zitsulo zotchinga mbava, ndipo ngati nsalu yoyera ikuwala mpaka maluwa ake kusowa, tsitsani kachizindikiro ka dzuwa komwe kamatuluka pambali. Ogulitsa mafoni ndi mawotchi m'timabokosi tagalasi pa Ntaja kapena pa Ulongwe angachite chimodzimodzi pojambula katundu wotsatsa.

Akatswiri amavala kamera kagalasi kotchedwa polariser. Mu 1815 wasayansi wa ku Scotland, David Brewster, adafotokoza lamulo la kuwala kobwezedwa, ndipo pagalasi wamba kagalasika kamafafaniza bwino zithunzithunzi ukaima mopendekeka madigiri pafupifupi 56 kuchoka pomwe ukadaima molunjika. Ukaima molunjika sikathandiza. Magalasi a dzuwa olembedwa kuti polarised amagwira ntchito yomweyo: aikeni kutsogolo kwa kamera n'kumawazunguza pang'onopang'ono mpaka msewu utazimirira. Chenjerani, ambiri a pamsika ndi akuda chabe.

Si onse amadana nazo zithunzithunzizi. Eugène Atget, wojambula wa ku France, adajambula mawindo a sitolo za zovala mumsewu wa Avenue des Gobelins ku Paris m'zaka za m'ma 1920, mitengo ndi nyumba zikuonekera pamwamba pa zidole zovekedwa masuti, ndipo zithunzizo lero zili m'nyumba zosungira zaluso. Komatu iye samatumidwa diresi ndi mchemwali wake.

Musanatulutse foni, lowani kaye mukapereke moni kwa mwini sitolo. Munthu wofunda chitenje pawindo la eni, mlonda amuyesa mbava yodzaona poyambira usiku. Ndipo mukapempha mwaulemu, nthawi zambiri amangoti lowani mujambulire m'kati, komwe kulibe galasi.