Galasi la m'makina a X-ray latsala pang'ono kupuma

Amene anajambulitsapo X-ray ya pachifuwa amachikumbukira chimbale chozizira chija chimene amatsamirapo, wojambula akunena kuti, "Kokani mpweya, musapume." Mkati mwa chimbalecho, chikakhala chamakono, muli galasi lopyapyala, ndipo ndi galasi limeneli lomwe akatswiri akufuna kulichotsa.

Kuchokera mu 1895, pamene Wilhelm Röntgen anatulukira cheza cha X-ray ku Würzburg m'dziko la Germany, zithunzi zinkayamba zatsukidwa ndi mankhwala m'chipinda chamdima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera zimbale zamakono. Cheza chikadutsa m'thupi chimagunda mankhwala a cesium iodide omwe amachisandutsa kuwala, kenaka timaso tosaoneka mamiliyoni toyalidwa pagalasi timatumiza chithunzi ku kompyuta nthawi yomweyo. Koma galasi ndi galasi. Chimbale chikangopulumuka m'manja n'kugwa pa simenti, ndalama zankhaninkhani zalowa m'madzi, odwala n'kumabwezedwa.

Chinanso, galasi silipindika, pomwe mutu, bere ndi mkono n'zozungulira. Chojambulira chikakulunga chiwalo bwinobwino, chithunzi sichipotoka m'mbali.

N'chifukwa chake ofufuza a ku Arizona State University ku America, mogwirizana ndi kampani ya PARC, anayala timaso tija pa pulasitiki. Ku University of Surrey, ku England, mu 2018 anasonyeza njira ina: anasakaniza tizidutswa ta bismuth oxide mu zinthu zonga inki, zomwe zimasandutsa cheza kukhala magetsi mwachindunji. Zojambulira zopindika zayamba kale kugwira ntchito m'mafakitale, komwe amazikulunga pa mapaipi pofufuza ming'alu pamalo owotcherera. M'zipatala, makampani a Fujifilm ndi Carestream akugulitsa zimbale zopanda galasi. Sizipindika, koma n'zopepuka ndipo zimapirira kugwa.

Kupirirako ndi kumene kukutikhudza kwambiri. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti kompyuta izithandiza kuwerenga zithunzi za pachifuwa pofufuza chifuwa chachikulu cha TB. Ndiye kuti makina atha kupita kumudzi ngakhale kulibe dokotala wowerenga zithunzi, bola chojambulira chikafike chamoyo pambuyo pa mabampu a msewu wafumbi. Amene amagulira zipatala zathu zipangizo, asanasaine mapepala, ayambe afunsa ngati chimbalecho chili ndi galasi, ndiponso kuti chikawonongeka adzachikonza ndani.