Ndinachita hayala galimoto kuti agogo aone mzinda umene anamanga nawo

Tsiku limene anawachotsa bandeji ya diso lachiwiri, agogo anga aamuna anandiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anati: "Iwe, unanenepa liti chonchi?" Onse m'chipindamo anaseka, koma ine misozi inalengeza. Kwa zaka zitatu ng'ala inali itawaphimba maso onse awiri, moti ankandizindikira ndi mawu okha.

Anachokera kumudzi ku Dowa kudzachitidwa opaleshoniyo, ndipo ankakhala kwa ine ku Kawale. Kutatsala masiku anayi kuti abwerere, tikudya madzulo, anaika mbamu pansi n'kunena kuti: "Mkazi wanga, ndisanapite ndikufuna ndikaone Capital Hill. Njerwa zina zili pamenepo ndinasenza ndine." Amanditchula mkazi wawo chiyambire ndili mwana, agogo a Chichewa mukuwadziwa.

Sankanama. Anafika ku Lilongwe mu 1972 ali mnyamata wa zaka 19, nthawi imene boma la Kamuzu Banda linkamanga likulu latsopano lolowa m'malo mwa Zomba. Likululo linasamuka mu 1975. Iwo anabwerera kumudzi mu 1981, ndipo kuchokera pamenepo Lilongwe ankangomudziwira kudepoti ndi kuchipatala basi.

Vuto linali loti ine galimoto ndilibe. Pa minibasi ine ndi inu tikhoza kuzungulira tauni yonse, koma osati munthu wa zaka zoposa 70, bondo likuvuta, adokotala atanenetsa kuti fumbi lisalowe m'maso. Kabaza ndiye ayi. Ndinaganiza zochita hayala galimoto ndi dalaivala wake kwa tsiku lathunthu, chinthu chimene ndinkachiona ngati cha azungu odzaona malo kapena cha pa ukwati.

Ndinafunsa pa WhatsApp, manambala anabwera atatu. Woyamba tinagwirizana bwinobwino, koma usiku wake analembanso kuti mtengo wakwera chifukwa mafuta akusowa. Mwamwayi ndinali ndisanatumize kalikonse. Wachiwiri foni sankayankha. Wachitatu anandipatsa mnzanga wa kuntchito, ati ndi bambo amene amatengera ana ake kusukulu. Kwa ine umenewo unali umboni woposa zithunzi zonse za pa Facebook. Munthu amene mayi wina amamusiyira ana ake m'mawa uliwonse angathe kunyamula agogo anga.

Mtengo sindiutchula pano, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mwezi uno umakhala nthano mwezi wa mawa. Chofunika ndi mmene tinagwirizanira. Ndalama ya galimoto ndi dalaivala inali payokha, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mafuta anali anga, ndipo anakathira dzulo lake n'kunditumizira risiti, kuti tisakathere tsiku lathu pa mzere. Kudikira kunalibe malipiro apadera, koma ola lililonse lopitirira 4 koloko linali ndi mtengo wake. Theka ndinalipira m'mawa pa Airtel Money, theka madzulo. Zonsezi tinalemberana pa foni, osati pakamwa pokha. Ndinawapemphanso chithunzi cha laisensi yawo ndi nambala ya galimoto, n'kutumizira achimwene anga. Atafika ndinasuzumira mapepala a inshuwalansi ndi COF pagalasi lakutsogolo. Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma anangoseka: "Mwachita bwino achemwali, ambiri safunsa."

Ndinali nditalemba mndandanda wanga: Lilongwe Wildlife Centre, bwalo la masewero la Bingu, Gateway Mall, aisikilimu, zithunzi. Kunena zoona, unali mndandanda wa zinthu zimene ineyo ndinkafuna kuika pa status. Adalaivala anauwerenga, anandibwezera foni, kenako anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhazika agogo pampando wa pambali pawo. "Agogo, galimoto iyi lero ndi yanu. Tiyambire kuti?" Ine ndinapezeka ndili kumbuyo ndi mndandanda wanga.

Tinayambira ku Old Town, chifukwa n'kumene agogo anatsikira lole mu 1972. Uku ndiye ku Lilongwe wakale, boma la atsamunda lija, kumene kuli msika waukulu, mzikiti ndi mashopu a amwenye. Adalaivala anadutsa mwaulesi mu Malangalanga, agogo atatsamira pagalasi. Anapeza poimika pafupi ndi mtsinje, pamene tinkatha kuona timilatho tamatabwa tija todutsira kupita ku Tsoka, tomwe umalipira kaye kuti uwoloke. Agogo sanawoloke, anangoima ndi ndodo yawo kuonerera anthu a kaunjika. Chimene anakumbukira si mitengo ya zinthu ayi, koma geti la msika. Ati pa nthawiyo anyamata a Youth ankaima pakhomo kufunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ndiwo sankagula. Ine ndinaziwerengapo m'buku la kusukulu, koma kumva munthu akuloza ndi ndodo kuti "ankaima apo" ndi nkhani ina.

Pochoka ku Old Town kupita ku City Centre mumadutsa m'mbali mwa nkhalango ya mtsinje wa Lingadzi, mmene muli Wildlife Centre. Ndinayesa kukumbutsa kuti inali yoyamba pa mndandanda, agogo anati nyani amawaona tsiku lililonse kumunda akuba chimanga. Tinapitirira.

M'njiramo adalaivala anafotokoza chinthu chimene ine, wokhala mu Lilongwe zaka 6, ndinali ndisanachiganizirepo. Manambala a ma Area satsata kuyandikana kwa malo. Area 24 ili kufupi ndi kwathu kuno, mbali ya Ngwenya, pomwe Area 25 ili kutali kumpoto, kupitirira Kanengo. Area 10 yagundana ndi Area 43. N'chifukwa chake mlendo amene akungodalira mapu a pa foni amasokonezeka msanga, makamaka poti m'misewu yambiri zikwangwani mulibe ndipo anthu amalondolerana ndi mitengo, matchalitchi ndi mitundu ya mageti. Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti chimene ndalipira si galimoto yokha.

Ku Capital Hill agogo anakhala chete kaye. Tinazungulira pang'onopang'ono pakati pa maofesi a maunduna, anthu a mataye akudutsa ndi mafayilo, majakaranda atachita maluwa chifukwa munali mu Sepitembala. Kenako anayamba kulankhula osapumira. Pano panali thengo, ati. Apa panali mulu wa mchenga, apo kapitawo ankaima ndi buku la mayina. Iwo ankakankha wilibala kuyambira m'bandakucha, n'kubwerera wapansi kukagona ku Mchesi, anyamata asanu chipinda chimodzi. Kwacha inali itangoyamba kumene mu 1971, moti polandira malipiro ankawerengabe mumtima ndi mashelen'i ndi mapaundi kuti adziwe ngati sanawabere. Anakumbukiranso midzi imene inasamutsidwa kuti mzinda umangidwe, anthu akukweza madengu ndi nkhuku pa malole, manda a makolo awo kuwasiya m'mbuyo.

Adalaivala anawonjezera kuti gawo la ndalama zoyambira ntchitoyi linali ngongole yochokera ku South Africa, pa nthawi imene maiko ambiri a mu Africa ankasala boma la tsankho la kumeneko. Agogo anagwedeza mutu, ati akuluakulu ena a pa ntchitoyo analidi azungu a ku Joni. Anthu awiriwa, wina wa zaka za m'ma 40 wina wa m'ma 70, ankapatsirana nkhani ngati anadziwana kale. Ine ndinangoyatsa foni n'kuyamba kujambula mawu.

Anapempha kuti atsike. Anayenda pang'ono mpaka pa khoma lina, n'kuligwira ndi chikhatho. Kaya ndi lomwelo anasenzera njerwa zake kaya ayi, palibe anafunsa.

Kuchokera apo tinaima pa chipilala chokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, pamene palinso chiboliboli cha Kamuzu atagwira ndodo ndi litchowa. Kenako tinapita ku chiliza chake. Kamuzu anamwalira mu Novembala 1997, ndipo chilizachi chinatsegulidwa mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Chili ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zinayi zija. Agogo anavula chipewa n'kuzitchula pamtima, osayang'ana n'komwe zolembedwazo: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndinkaganiza kuti atamanda basi, poti anthu a msinkhu wawo ambiri amatero. Koma tikubwerera ku galimoto anandiuza za mnzawo wina wa m'chipinda cha ku Mchesi chija, wa Mboni za Yehova, amene anakana kugula khadi n'kuthawira ku Mozambique chaka chomwecho cha 1972. Anasiya bulangete ndi kapu. Sanaonanenso. "Mzinda anamanga, mkazi wanga," anatero, "koma anthu analiranso." Chipewa anavala atalowa m'galimoto.

Nyumba ya Malamulo ili pafupi pomwepo. Inamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndipo inatsegulidwa mu 2010. Adalaivala anatulutsa K200, anawaonetsa agogo nkhope ya Rose Chibambo, kenako anaitembenuza: nyumba imene ili kuseri kwa ndalamayo ndi yomwe inali patsogolo pathu. Agogo anayang'ana ndalama, anayang'ana nyumba, anabwerezanso. Miyezi iwiri yapitayo sakanatha kusiyanitsa K200 ndi K2000 popanda kufunsa mwana.

Nkhomaliro tinadya nsima ya nkhuku ya lokolo pa malo ena osatchuka amene adalaivala amadyako, tonse atatu tebulo limodzi. Pomwepo agogo anatulutsa pempho limene anali atabisa tsiku lonse. Ntchito yomanga itatha, anagwira ya m'dimba pa nyumba ina ku Area 10 kwa zaka zisanu, ndipo anadzalapo mtengo wa mbawa pakona ya mpanda. Ankafuna akaone ngati ulipo. Nambala ya nyumba sankaikumbukira. Chimene ankadziwa n'choti msewu wake unkatsetsereka kulowera kudambo, ndipo nyumbayo inali kumanzere.

Amene munapitako ku Area 10, 12 kapena 43 mukudziwa mmene kulili. Misewu yazii, mapoloti akuluakulu, mitengo yambiri, anthu oyenda pansi ochepa, ambiri a iwo antchito a m'nyumbazo ochokera ku Kauma, Mtandire kapena Senti. Agogo ati nthawi yawo mipanda inali ya maluwa, munthu unkaona khonde uli pamsewu. Lero ndi makoma ataliatali a njerwa, waya wamagetsi pamwamba, mageti achitsulo. Munthu amene wangoyambanso kuona tinamubweretsa kumalo kumene kulibe choona.

Tinalowa msewu woyamba, ayi. Wachiwiri, ayi. Wachitatu tinathera pa geti. Ndisabise, ine maso anali pa wotchi ndi pa muvi wa mafuta. Itakwana 3:30 ndinayamba kuwerengera mumtima ndalama ya ola lowonjezera, ndipo ndinatsala pang'ono kunena kuti agogo, mtengowo mwina anadula kalekale. Adalaivala anandiona pa kagalasi. "Achemwali, za nthawi tikambirana pambuyo," anatero motsitsa mawu.

Njira yawo inali yosavuta. Akaona mlonda wachikulire pageti, ankaimika galimoto chapatali, kutsika, kupereka moni mwaulemu, n'kufotokoza nkhani yonse kuyambira ku Dowa. Alonda achinyamata ankawadumpha dala. Akanakhala ine ndekha ndi foni yanga, ndikhulupirira akanandiyesa wofufuza nyumba zoti akuba adzathyole. Mlonda wachitatu, bambo wa imvi, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza kumunsi: mukhote kumanja, mutsetsereke, mbawa yaikulu kuposa yonse m'dera lino ili kumeneko.

Tinaiona tisanafike. Inatalika kupitirira denga ndi mawaya a magetsi, nthambi zake zitafika pakati pa msewu, ndipo omanga khoma anachita kulikhotetsa pakona kuti asaidule. Agogo anatsika okha, osadikira kuti ndiwagwire mkono. Anayang'ana msewu, anayang'ana kudambo, anabwerera m'mbuyo masitepe angapo n'kukweza mutu mpaka chipewa chinagwa. "Ndi uwu," anatero. "Unali ngati chala changa ichi."

Mlonda wa panyumbapo anatuluka kudzaona kuti kwagwanji. Atamva, anabwerera mkati n'kutulutsa mpando wake wapulasitiki. Agogo anakhala pansi pa mtengowo mphindi pafupifupi 20, akufotokozera mlonda ndi adalaivala mmene ankathirira madzi ndi chitini cha mafuta ophikira. Eni nyumba sitinawaone ndipo sitinapemphe kulowa. Ponyamuka anawerama n'kutola njere za mbawa zimene zinagwa m'mbali mwa ngalande, zamapiko zija, n'kuzikulunga mu mpango wawo.

Ku Kawale tinafika 5:30 itadutsa, titakodwa mu mzere wa galimoto za oweruka kuntchito pa mlatho wa Lilongwe. Mwa pangano ndinayenera kulipira maola awiri owonjezera. Adalaivala analandira la limodzi, ati linalo ndi la agogo. Ndinakakamira, anakana, ndiye ndinangowatumizira ya mayunitsi usiku. Ku Gateway Mall ndi ku bwalo la Bingu sitinafike, aisikilimu sitinadye, ndipo chithunzi chokha chimene ndinaika pa status ndi cha munthu wachikulire atakhala pampando wa mlonda, nkhope osaoneka bwino chifukwa cha mthunzi.

Mawu amene ndinajambula m'galimoto anakwana mphindi 47. Ndinawatumiza pa gulu la WhatsApp la banja lathu, ndipo amalume a ku Johannesburg anaimba foni usiku womwewo kudandaula kuti bambo awo omwe sanawauzepo nkhani ya mnzawo wa ku Mchesi uja. Sabata yatha agogo anandiimbira pa foni ya aneba. Njere anafesa m'machubu 12 kuseri kwa nkhokwe, zitatu zamera, ndipo akufunsa ngati nambala ya adalaivala aja ndikadali nayo, chifukwa agogo aakazi akuti nawonso ku Lilongwe sanakuonepo bwinobwino.