Udzu wakutchire ungapulumutse minda yolowa mchere

Nthaka ikayera pamwamba ngati yawazidwa phulusa, mbewu n'kumafota chinyezi chilipo, ndiye kuti mchere walowa m'munda. Mu 2024 bungwe la FAO linanena kuti mahekitala pafupifupi 1.4 biliyoni padziko lonse ali ndi vutoli. Limakula m'madera otentha a ulimi wothirira, chifukwa madzi akauma ndi dzuwa mchere umatsalira m'dothi. Kuno kwathu, anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amaidziwa bwino mijigo yotulutsa madzi amchere.

Mchere umazunza mbewu pawiri. Poyamba umakanirira madzi m'nthaka moti mizu imalephera kuyamwa. Kenako sodiamu wa mumcherewo amakwera mpaka m'masamba n'kulanda malo a potaziyamu, ndipo masamba amapsa ngala zisanakhwime. Chimanga ndi mpunga sizichedwa kugonja.

Komatu pali maudzu ena, achibale a mbewu zathuzi, amene amakondwa pamalo oterewa. Ena amatsekereza sodiamu ku mizu kuti asakwere. Ena amamutsekera m'timatumba ta m'kati mwa maselo, momwe sangawononge kanthu. Enanso amachita kumulavula. Mpunga wakutchire wotchedwa Oryza coarctata, womera m'matope a m'mphepete mwa nyanja ku India ndi ku Bangladesh, uli ndi tiubweya pamasamba timene timatulutsira mchere kunja.

Asayansi akufuna kuti luso limeneli lilowe m'mbewu zodyedwa, ndipo njira yake ndi kukwatitsa. Ku Australia, akatswiri a bungwe la CSIRO ndi a yunivesite ya Adelaide anatenga kachidutswa ka chibadwa kotchedwa Nax2 kuchokera ku einkorn, wachibale wakalekale wa tirigu, n'kukalowetsa mu tirigu wa durum wopangira supageti. Kachidutswaka kamachotsa sodiamu m'mitsempha yokweza madzi kuchokera ku mizu. Mu 2012 iwo analengeza kuti m'minda yamchere tirigu watsopanoyu anabereka zochuluka ndi 25 peresenti kuposa mnzake wopanda Nax2.

Ntchitoyi imafuna kudekha. Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines linakwatitsa Oryza coarctata ndi mpunga wolimidwa wa IR56 maulendo pafupifupi 34,000 kuti lipeze kambewu kamodzi kokha kamoyo, ndipo linalengeza zimenezi mu 2013. Vuto lina n'lakuti udzu wakutchire umabwera ndi makhalidwe osafunika, monga njere zochepa ndiponso zoyoyoka msanga, omwe amatenga zaka kuti achotsedwe.

Mbewu yopirira siichotsa mchere m'munda, choncho ngalande zotulutsira madzi n'zofunikabe paliponse pothirira. Koma pamene ulimi wothirira ukukula m'chigwa cha Shire, tisamale madambo ndi maudzu omera pamchere, ndipo akatswiri athu a zaulimi apatsidwe ndalama zowafufuzira. Udzu ukatheratu, chibadwa chake sichidzapezekanso.