Mwana akachedwa ku bwalo la sukulu

Dzuwa lapendeka. Mbuzi sizinalowe m'khola, mumtsuko mulibe madzi, koma mwana wanu sanabwerebe. Ali ku bwalo la sukulu, akusewera mpira kapena akuimba ng'oma ndi anzake. Mwina mwakonza kale mawu omukalipira. Taimani pang'ono.

Sekondale yaing'ono ya kumudzi, monga zina za ku Angónia ndi ku Tsangano, ilibe zambiri. Magolo ndi mitengo ya bulugamu. Mpira wachikopa ndi umodzi, ukaphulika ana amamanga wa mapepala. Malipenga a bandi ya m'tauni kulibe. Kuli ng'oma, kwaya, ndi gitala ya chigubu yopanga okha. Komabe pa 25 Juni, tsiku la ufulu wa dziko lathu, ndi ana omwewa amene amaimba ndi kuvina ngoma mpaka agogo kululutira.

Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Kalasi 7 tsopano ili ku sekondale, ndipo sekondale nthawi zambiri imakhala kutali ndi mudzi. Mwana wa zaka 12 kapena 13 amayenda mtunda wautali, nthawi zina ndi njala. Ku dimba la mbatatesi kuli ganyu yolipira tsiku lomwelo. Mtsikana naye amayamba kufunsiridwa, ngakhale lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Nanga chomukokera kusukulu n'chiyani? Ine ndaona kuti kwa ana ambiri ndi timu. Goloyi akajomba, anzake amapita kukamutenga kwawo. Woimba ng'oma akasowa, kwaya yonse imafunsa.

Lurdes Mutola anayamba ndi mpira wa miyendo, akusewera ndi anyamata ku Chamanculo, mumzinda wa Maputo. Mlakatuli José Craveirinha anaona liwiro lake, namulimbikitsa kuti ayambe kuthamanga. Mu 2000, ku Sydney, anapambana mpikisano wa mamita 800 n'kubweretsa mendulo yoyamba ya golide ya Olimpiki ku Mozambique. Sindikunena kuti mwana wanu adzafika pamenepo. Ambiri safika. Koma akamaliza kalasi 9, mpirawo wagwira ntchito yake.

Nkhawa yanu ndi yomveka, makamaka pa mwana wamkazi wobwera kukada. Musaisunge mumtima, ndipo musangomuletsa. Sukulu ili ndi bungwe lotchedwa Conselho de Escola. M'menemo muli makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi anthu a m'mudzi. Simufunika kudziwa Chipwitikizi chambiri kuti mulankhulepo. Kafunseni kuti masewera azitha nthawi yanji. Funsani ngati pali mphunzitsi wamkazi wotsagana ndi atsikana akamapita kukasewera kwina. Ngati asonkhetsa ndalama za mpira kapena yunifomu, pemphani kuti alembe m'kope, ndipo akuwerengereni pa msonkhano. Tsopano mukuphunzira kuwerenga, kopelo muthanso kuliona nokha.